Khadi la Kusikelo la Wezi

"NyaManda, khadi la mwana wanga mubweza liti?"

Anandifunsa funso limeneli ndi a NyaLongwe, mayi amene khomo lawo layang'anizana ndi langa kwathu ku Kande. Panali patatha miyezi itatu tisakulankhulana. Ndayamba ndi funso lawo chifukwa ndi limene linandidzutsa, koma kuti mulimve bwino ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Ndikulankhula m'Chichewa chifukwa muno muli anzathu a ku Dedza ndi ku Mulanje amene mumagwira ntchito m'malo ogona alendo kunyanjaku, ndipo sindikufuna kuti wina atuluke akunena kuti Chitonga chinamudutsa. Pamene chapendama mundikhululukire, sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Akomiti ya mpira wamanja atiitana ife amalonda kuti tithandizenso chikho cha atsikana chaka chino. Sanandikakamize kuimirira pano. Ndinapempha ndekha, chifukwa ndaona nkhope zatsopano, ndipo ena mwa inu mukhoza kuponda pamene ndinaponda ine.

Ine ndimaphika masikono ndi mabanzi. Bambo a mwana wanga Tawonga ali ku Joni, ndipo ndi iwo anandithandiza kumanga uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba. Malonda anayenda. Ana asukulu ankagula, amayi ankagula, ndipo malo ena ogona alendo ankatenga mathireyi awiri m'mawa uliwonse. Anthu ankandidziwa kuti ndine wofatsa. Ndimatha kudikira ufa kuti ufufume, ndimatha kudikira kasitomala amene akusankha sikono limodzi ngati akusankha ng'ombe. Choncho musaganize kuti zimene ndinene zimagwera anthu opupuluma okha.

Kwa inu amene mwabwera koyamba, chikhochi ndi cha atsikana a sukulu za pulayimale za m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Tukombo mpaka kupitirira Chintheche, osapyola zaka khumi ndi zinayi. Chimayenda ndi thandizo la ife amalonda. Timu iliyonse imapeza wamalonda woisokera mayunifomu ndi kuilipirira minibasi. Umboni wa zaka za mwana ndi khadi la kusikelo, lija amalembamo tsiku lobadwa ndi kulemera kwake mwezi ndi mwezi. Khadi limeneli lilibe chithunzi.

Ine ndinatenga timu ya sukulu yakwathu. Ndinasoketsa mayunifomu achikasu, pachifuwa telala n'kulembapo zilembo zikuluzikulu: MASIKONO A NYAMANDA. Tsiku la mpira woyamba, wolengeza anatchula dzina langa pachimkuzamawu, likuwoloka bwalo mpaka kukagwera m'minda ya chinangwa. Abale anga, ine kusukulu sanandiitanepo kutsogolo ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo anthu anatembenuka kufunafuna kuti NyaManda ndi uti. Ndinaledzera nalo dzinalo ndisanalawe mowa.

Wophunzitsa timu anali Madamu Kachingwe, mphunzitsi wochokera ku Dedza. Madzulo aliwonse ankakhala pabwalo ndi atsikanawo, fumbi mpaka m'nsidze. Nditayamba kumanena kuti uyu alowe uyu atuluke, anandiuza akuseka kuti, "Mayi, mbali yanu ndi mimba za anawa ndi minibasi. Mpirawu mundisiyire." Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati yunifomu ndi yanga.

Tinafika mufainolo. Tinali tikumane ndi timu ya cha ku Chintheche, yothandizidwa ndi ada Kamanga aja a sitolo ya simenti ndi malata, amene akhala kutsogoloku akuyang'ana pansi. Tsiku limene tinapambana ndime yolowera mufainolo, anandipeza ndikugawa masikono kwa ana.

"Ama a masikono, mwafika ndithu? Komatu sikono ndi sikono. Ukaliviika m'tiyi limasungunuka. Ife ndi simenti, tikanyowa m'pamene timalimba."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka. Koma ndinafika kunyumba mawuwo akuyakabe m'makutu.

Chimene chinkandidetsa nkhawa chinali woponya wathu. Anali Wezi, mwana wa a NyaLongwe, wa zaka khumi ndi zitatu, wowonda ngati bango. Pophunzira ankaponya bwino kwambiri, koma anthu akachuluka n'kuyamba kukuwa, ankasokonezeka. Tsiku limenelo anali ataphonya kambirimbiri, ndipo tinapambana mwa mwayi.

Lachinayi la sabata ya fainolo, Madamu analandira uthenga wa maliro a bambo awo. Anabwera kwathu chikwama chili kale m'manja, n'kundipatsa envulopu. Munali pepala la mayina a osewera, atasainira, ndi makhadi onse a ana.

"Mupite nawo ndinu. Wezi aponye. Akaphonya aphonye, akuphunzira."

Minibasi yawo isanafike n'komwe ku Tukombo, ine ndinali ndili pakhomo pa alamu anga. Mwana wawo Lusungu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, koma ndi wamfupi, kankhope kakang'ono. Pa nthawi yake palibe ankaponya ngati iye m'dera lonse lino. Anasiya sukulu atatenga mimba, ndipo apa n'kuti ali ndi khanda la miyezi isanu. Ndinamupempha kuti akaponye m'malo mwa Wezi, pa khadi la Weziyo.

"Anti, nanga mwana?"

"Tsiku limodzi lokha. Ufinyire m'kapu, agogo ake amumwetsa. Pofika masana tabwerako."

"Akandizindikira?"

"Akuzindikira ndani ku Chintheche? Khadi lilibe nkhope."

Anakana kawiri. Kachitatu ndinamuonetsa mpira, n'kuugwira, n'kuuzunguza m'manja. Ndinaona m'maso mwake kuti anausowa, ndipo ndinalowera pomwepo.

Loweruka m'mawa Wezi anafika pamsewu atavala kale yunifomu, miyendo atadzola mafuta, mayi ake atamuluka tsitsi. Ndinamuitanira pambali n'kumuuza kuti Madamu aimba foni, akuti lero apume, ndipo yunifomu aisiye. Analowa m'khitchini mwanga, n'kuvula, n'kuipinda bwinobwino asanandipatse. Lusungu tinakamutengera pasiteji ina kutsogolo. M'minibasi ndinauza ana aja kuti, "Kuyambira pano uyu ndi Wezi. Wonena zina abweza yunifomu, ndipo masikono anga sadzalawanso." Anayamba kuyeserera, "Wezi! Wezi, ponya!" akuseka ngati ndi masewera. Ine ndi amene ndinawaphunzitsa zimenezo.

Patebulo la akomiti, bambo wina anatsegula khadi, anayang'ana Lusungu, n'kuchonga. Basi.

Koma mukudziwa mmene zimakhalira pa fainolo. Mpira woti uyambe teni koloko unadikira alendo olemekezeka, unadikira zolankhula, unadikira anyamata kuti asewere wawo. Unayamba cha m'ma thu koloko. Lusungu anali atasiya mwana dzuwa likungotuluka. Asanalowe m'bwalo anabwera kudzandinong'oneza.

"Anti, mabere akuwawa."

"Pirira. Makota anayi okha."

Ndinanena mawu amenewa Tawonga ali pabere langa, akuyamwa. Ine mayi woyamwitsa, wodziwa bwino lomwe kuti bere likadzaza silidikira munthu, sindinaganize ngakhale zomuperekeza kuseri kwa kalasi kuti akafinye. Mutu wanga wonse unali pa simenti ya ada Kamanga.

Lusungu anaponya ngati mvula. Pofika popumulira tinali patsogolo kutali, wolengeza akungoti, "Wezi! Wezi wa ku Kande!" Mu kota yachitatu anakweza manja kuti aponye, ndipo pachifuwa pake, pazilembo za dzina langa pomwepo, panaoneka madontho awiri onyowa, akukula. Woyamba kuona anali mayi wina wogulitsa nthochi m'mbali mwa bwalo.

"Oyimbira, imitsani mpira! Mwana wa Sitandade 7 akuchucha mkaka!"

Wezulo inalira. Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Lusungu anangokhala pansi pafumbi atapingasa manja pachifuwa. Panapita mayi wina wa timu inayo kukamufunditsa chitenje. Sindinali ine. Ine ndinali nditaima kuseri kwa beseni la masikono, ndikuganiza chonena.

Akomiti anandiitanira m'kalasi. Anandifunsa kuti wachita zimenezi ndani.

"Ine ndimaphika masikono, za mayina ndizidziwira kuti? Madamu anaimba foni kuti titenge Lusungu. Onani pepalalo, anasaina ndi iwo."

Bodza limenelo linatuluka mosalala ngati ndinaliphika kunyumba. Anagamula tsiku lomwelo. Timu yathu isasewere zaka ziwiri. Dzina la Wezi lifafanizidwe m'mpikisano, poti akuti anabwereketsa khadi dala. Khadilo likhale kwa akomiti ngati umboni. Madamu achotsedwe pa zamasewera ndipo kalata ipite kwa akuluakulu awo. Ine anangondiuza kuti ndizisamala anthu amene ndimagwira nawo ntchito.

Kuchokera pamenepo zinathamanga. Ana aja ankadziwa zoona ndipo anauza makolo awo. Amayi anasiya kugula. Ana asukulu akamadutsa pakhomo ankaimba kuti masikono a NyaManda ali ndi mkaka wambiri. Madamu anabwerako kumaliro n'kupeza kalata. Anakana, koma siginecha inali yawo. Tsiku lililonse ankadutsa pakhomo panga popita kusukulu, n'kumandipatsa moni. Moni umenewo unkandiwawa kuposa nyimbo ya ana.

Ndinayamba kumwa. Ndinkakagula timabotolo kutali kumene sandidziwa, n'kubisa m'thumba la ufa. Poyamba kanali kamodzi masana kuti mtima ukhale pansi, kenako tiwiri. Masikono anayamba kupserera, ena kutuluka osapsa m'kati. Wophika wa kumalo ogona alendo, bambo wa ku Mulanje, anabweza thireyi kawiri. Kachitatu anati, "Mlongo wanga, awa ngakhale anyani a pagombe angatisumire. Tiyambe tapuma kaye." Uvuni unazizira mpaka nkhuku inayamba kuikiramo mazira. Kutchalitchi ndinasiya. Bambo a Tawonga akaimba foni ndinkawauza kuti ufa wakwera mtengo. Ndipo ndinasiya kupita ndi mwana kusikelo, chifukwa pabenchi ya kusikelo m'pamene pamakhala amayi onse a m'mudzi.

Ndiye m'mawa wina ndili pakhonde, mutu ukuwawa, Tawonga akukwawa pafumbi ndi malaya adzulo, ndinaona a NyaLongwe akuwoloka bwalo. Ndinafuna kulowa m'nyumba koma anali atafika kale.

"Mwayuka uli, NyaManda?" anandipatsa moni wa m'mawa m'Chitonga.

Ndinayankha ndikuyang'ana zala zakumiyendo. Sanadikire kuti ndiwapatse mphasa. Anakhala pamasitepe, n'kukonza chitenje chawo. Kenako anafunsa funso lija, loti khadi la mwana wawo ndibweza liti.

"Ama, khadi lili kwa akomiti."

"Ndikudziwa. Ndapitako kawiri. Akuti ndi umboni wa mlandu, ndipo mwini wake anabwereketsa dala. Ine sindinapereke kwa akomiti. Linachoka m'manja mwanga kupita kusukulu, kusukulu linabwera kwa inu. Ndiye ndabwera kwa inu."

Sanakweze mawu. Akanakuwa, ndikanakuwa nawo, ndipo ndikanapeza pothawira.

"Ahedi akulemba ana a mayeso a Sitandade 8. Akufuna tsiku limene Wezi anabadwa. Ine sindiwerenga, NyaManda. Ndikudziwa kuti anabadwa nthawi imene nkhungu, tizilombo touluka tija, zinkatuluka panyanja ngati utsi, mvula yoyamba isanagwe. Ndawauza zimenezo, akuti pepala silifuna nkhungu, lifuna nambala. Nambalayo ili m'khadi."

Anapitiriza.

"Khadi limenelo ndinalisunga m'pulasitiki ya shuga, pansi pa yunifomu yanga ya kutchalitchi, zaka zonsezi. Muli mzere mmenemo. Wezi ali ndi chaka ndi theka mzerewo unatsika, unatsika, mpaka alangizi a zaumoyo anandiyang'ana osanena kanthu. Ndinaukweza ndekha ndi phala la usipa wosinja. Zaka zisanu sindinaphonye mwezi, ngakhale mvula, ngakhale maliro. Inu munatenga mzere umenewo n'kuveka munthu wina kuti muwine kapu."

Apa misozi yanga inayamba kutsika, koma iwo anali asanathe.

"Ndipo mukudziwa dzina limene anthu anamva pachimkuzamawu? Sanamve Lusungu. Anamva Wezi wa ku Kande. Alongo anga anachoka ku Tukombo ndi ndodo m'manja kudzafunsa kuti wapatsa Wezi mimba ndani, nanga khandalo tikubisa kuti. Kumsika ku Chintheche anamuloza chala. Mwanayo mpira saugwiranso. Akaweruka amangolowa m'nyumba."

Zimenezi sindinkazidziwa. Kunena zoona, sindinkafuna kuzidziwa. Miyezi itatu yonse ndinkalira dzina langa, osaganizako kamodzi kuti la mwana wa zaka khumi ndi zitatu lili pati.

Nthawi imeneyo Tawonga anakwawira pamapazi awo. Anamunyamula, n'kumukweza pang'ono m'mwamba, n'kumutsitsa, n'kumukwezanso, mmene amayi timachitira poyesa mwana ndi manja.

"Uyu wapepuka. Khadi lake lili kuti?"

Ndinalowa m'nyumba kukalifuna. Ndinalipeza pansi pa mathireyi, litadontheredwa mafuta. Ndinalitsegula ndili chiimire pakhomo. Mzere wa Tawonga unkakwera bwinobwino mwezi ndi mwezi, kenako unangoima. Malo atatu opanda kanthu. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Mayi amene ndinamubera khadi la mwana wake anali atanyamula wanga, akumupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje chake.

"Sikelo ndi Lachitatu," anatero akumuika pansi. "Ndikupita ndi wanga wamng'ono. Ndidzakudutsirani."

Anapita. Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo sindinawapemphe tsiku limenelo, chifukwa ndinaona kuti pakamwa pokha sipakwanira.

Tsopano mverani mmene ndinabwererera, chifukwa apa ndi pamene pangakuthandizeni. Sindinachite chachikulu chilichonse. Ndinachita zazing'ono, chimodzi chikatha china.

Masana omwewo ndinakhuthulira timabotolo tonse m'chimbudzi. Lachitatu ndinapita kusikelo. Nditakhala pabenchi, amayi anandisiyira malo okwana anthu atatu. Wina anafunsa mokweza kuti, "Lero mwabwera ndi khadi la ndani, NyaManda?" Benchi yonse inagwedezeka ndi kuseka. Ndinayankha kuti, "La mwini wake." Anasekanso, koma ndinakhalabe mpaka dzina langa litaitanidwa. Tawonga anapezeka atatsika, ndipo alangizi anandikalipira pamaso pa onse. Ndinalandira. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti kusekedwa sikupha, kumangotentha ngati thireyi yochokera mu uvuni, ukaigwira ndi nsanza umafika nayo.

Kenako ndinapita kwa Madamu. Ndinawapeza pakhonde akuchonga makope. Ndinagwada.

"Dzukani, mayi, mudetsa chitenje. Kuno kulibe mboni. Munandinamizira pamaso pa akomiti, mukagwade komweko."

"Ndipita, Madamu."

"Ine ndinali kumanda kuika bambo anga, inu mukundiimbitsa foni imene sindinaimbe." Anatseka kope. "Ndinakupatsani envulopu ija chifukwa m'mudzi monse ndinaona kuti wodekha ndi inu."

Sindikunamizani, nditachoka kumeneko ndinagwanso. Ndinagula kabotolo kamodzi n'kumwa konse. M'mawa mwake ndinadzuka ndi manyazi atsopano pamwamba pa akale, ndipo ndinauza a NyaLongwe. Anati, "Mwanena nokha, ndiye kuti simunafe." Kanali komaliza. Ngati wina muno wagwa kachiwiri, asanene kuti basi zatha. Akauze munthu, adzuke.

Akomiti atakumana, ndinapempha mpata. Ndinanena zonse kuyambira pa envulopu mpaka m'minibasi. Ndinati Madamu sanaimbe foni, Wezi sanabwereketse kanthu, Lusungu anakana kawiri, ndipo ana aja ndinawaopseza ndine. Amalonda anzanga analinso m'kalasimo. Woyamba kulankhula anali ada Kamanga.

"Ndiye nthabwala yanga ija munapita nayo kunyumba?"

"Ndinapita nayo, ada."

"Aa, mukanaisiya pabwalo pomwepo ngati makoko a nthochi. Simenti yangayo inali italuza kale makota awiri." Anatembenukira kwa apampando. "Khadi la mwanayo libwezedwe lero. Lagona kunja kokwanira."

Anafafaniza mlandu wa Madamu n'kulemba kalata ina kwa akuluakulu awo. Anayeretsa dzina la Wezi. Koma chilango cha timu sanachichotse chonse, poti timuyo inaseweradi ndi munthu wamkulu. Anachitsitsa kufika chaka chimodzi. Ine anandiletsa kuthandiza timu iliyonse chaka chomwecho, ndipo ndinavomera. Ndinapemphanso chinthu chimodzi, kuti pa masewera otsatira, pamene anthu a Tukombo ndi Chintheche adzasonkhane, andipatse chimkuzamawu. Anandipatsa. Ndinaima pakati pa bwalo, n'kunena m'Chitonga ndi m'Chichewa kuti Wezi wa ku Kande alibe mwana ndipo sanakhalepo ndi mimba, kuti tsiku lija sanali pabwalo n'komwe, ndipo wabodza ndi ine NyaManda wa masikono. Ena anakuwiza. Koma alongo awo a NyaLongwe analipo ndipo anamva.

Khadi ndinakapereka ndekha. A NyaLongwe analitsegula, n'kutsata mzere uja ndi chala kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kulibwezera m'pulasitiki yake. Anathokoza m'Chitonga, "Yewu." Wezi anali ataima pakhomo ndi ndowa.

"Ndiye chaka chamawa tisewera, anti?"

"Ayi, mwanawe. Timu ipuma chaka chimodzi."

"Chinacho?"

"Chinacho udzakhala utapyola zaka."

Anati, "Oho." N'kusenza ndowa kupita kumjigo.

Lusungu sindinamupeze. Anali atakwera boti kupita kwa azakhali ake ku Usisya, chifukwa sakanatha kudutsa pamsika anthu osamuyang'ana pachifuwa. Ndatumiza uthenga kangapo. Sanayankhe, ndipo sindimuimba mlandu. Ndizitumizabe.

Uvuni ndinautulutsa nkhuku, n'kuumata ming'alu, n'kuyatsa. Poti m'mudzi sankagula, ndinkasenza beseni kupita pamsewu kukagulitsa m'mawindo a minibasi kwa anthu odutsa amene sadziwa nyimbo ija. Bambo a Tawonga ndinawauza zoona pafoni. Anakwiya sabata ziwiri, kenako anafunsa ngati nkhuni zilipo. Wophika wa ku Mulanje uja ndinkamupititsira sikono limodzi m'mawa uliwonse osanena kanthu. Ankadya, n'kugwedeza mutu, n'kulowa. Patatha mwezi anati, "Mawa thireyi imodzi. Ukawotcha, usadzabwerenso." Sindinawotche. Lero akutenga atatu. Mzere wa Tawonga unakweranso, ndipo pabenchi ya kusikelo amayi amandipanikiza ngati wina aliyense.

Ndiye anzanga amalonda, musamve nkhani yangayi n'kubweza dzanja m'thumba. Perekani. Anawa alibe kwina kopeza mpira ndi minibasi, ndipo ine chaka chino ndikuperekanso, masikono a matimu onse, opambana ndi oluza omwe. Koma dziwani pamene dzanja lanu lilekezere. Akomiti avomera zimene tinapempha ndi Madamu: khadi lizibwera patebulo ndi mayi wa mwanayo kapena womulera, osati ndi wamalonda. Mphunzitsi akachokapo, timu izipita ndi mphunzitsi wina. Ife tizikhala kumbali ya oonerera. Mnzanu akakunyozani za malonda anu, mumubwezere nthabwala pomwepo, muzipita kunyumba opanda katundu. Ndipo mukadzamva mtima ukunena kuti yunifomu ndi yanga, choncho timu ndi yanga, mukafunefune mayi wa mwana mmodzi wa m'timumo, mukhale naye pansi, akuuzeni mmene anamulerera.

Zimene zinatayika ndi izi. Ine ndinataya miyezi isanu ya uvuni, ndipo makasitomala ena sanabwerenso. Tawonga anataya miyezi itatu ya sikelo. Madamu anakhala theka la chaka ndi mlandu umene sanapalamule. Atsikana a timu yathu anataya chikho chimene mwina akanatenga okha, ndi chaka chathunthu cha mpira. Lusungu anataya mudzi wake. Wezi anali ndi fainolo imodzi yokha yoti asewere ku pulayimale, ndipo sanaisewere.